Masiku anayi amene anadzutsa a Biden: lipoti la mapulaimale a chipani cha Democratic a 2020

Nkhani iyi ndaikamba kambirimbiri ndi anzanga amene timagwira nawo ntchito yokonza makampeni ndi kuwerengera mavoti, ndiye ndati ndingoilemba kamodzi kuti wofuna aziwerenga yekha. Ndi ya ku America, mapulaimale (zisankho zosankha woimira chipani pa upulezidenti) a chipani cha Democratic a mu 2020, ndipo funso lake ndi loti zinatheka bwanji kuti a Joe Biden, munthu amene anathera pa nambala 4 ku Iowa, nambala 5 ku New Hampshire, thumba litauma, atolankhani atamukumbira kale manda, pangotha milungu itatu n'kupezeka ali patsogolo pa onse. Ndiulule, inenso usiku wa New Hampshire ndinalemba mu kope langa kuti mdalayu wagwa nayo basi. Kopelo ndikadali nalo.

Choyamba timvetsetsane za kachitidwe kake, chifukwa kwathu mtsogoleri wa chipani amasankhidwa ku konvenshoni, holo imodzi, nthumwi zavota, zatha. Kumeneko ayi. Steti iliyonse imavota tsiku lake, ndipo zimatenga miyezi. Chomwe amalimbirana ndi nthumwi zopita ku konvenshoni, ndipo mu 2020 zinalipo 3,979, wofuna kuwina amayenera kupeza 1,991. Nthumwi amagawana molingana ndi mavoti amene wapeza, koma pali msampha: ukalephera kufika 15 peresenti sulandira kanthu. Nambala ya 15 imeneyi muisunge, ibweranso.

Popeza amavota motsatizana, zotsatira za lero zimasintha maganizo a ovota a mawa. Wawina lero, mawa uli pa TV iliyonse, opereka ndalama ayamba kuyimba foni okha, anthu amene anali pakatikati ayamba kunena kuti koma uyu ndiye akupita. A George H. W. Bush atawina Iowa mu 1980 anachitcha chinthu chimenechi Big Mo. Ife tingoti mphepo. Ndipo nkhani ya a Bush yomweyo ikuphunzitsa kuti mphepo imasintha, chifukwa ku New Hampshire a Ronald Reagan anawathibula, tikiti n'kupita kwa a Reagan.

Mmene zinalili mu February

Iowa inavota pa 3 February. App yotumizira zotsatira inavuta, manambala anachedwa masiku angapo, kunali chipwirikiti. Atatuluka, a Pete Buttigieg ndi a Bernie Sanders anali pafupifupi ndendende pamwamba, mayi Elizabeth Warren achitatu, a Joe Biden achinayi. Anavomera okha kuti alandira chibakera cha m'mimba. Koma onani mwayi wa munthu: chifukwa cha chisokonezo cha app chija, usiku umenewo nkhani inali ya app, sinali ya kugwa kwa a Biden, ndipo a Buttigieg amene amayenera kukolola mphepo yonse anaikolola theka lokha.

New Hampshire pa 11 February zinaipiratu. A Sanders 25.6 peresenti, a Buttigieg 24.3, mayi Amy Klobuchar 19.7, mayi Warren cha mu 9, a Biden 8.4. Nthumwi ziro. Sanadikirenso n'komwe zotsatira, anakwera ndege tsiku lomwelo kupita ku Columbia, South Carolina, kukauza anthu kumeneko kuti pafupifupi ovota onse akuda a mu America sanalankhulebe. Nthawi imeneyo ine ndinaona ngati ndi mawu a munthu wongodzitonthoza. Koma masamu ake anali oona. Iowa ndi New Hampshire ndi masteti oti anthu pafupifupi 90 mwa 100 aliwonse ndi azungu, ndipo nthumwi zawo kuphatikiza zonse zinali 65 zokha, 41 ndi 24. Pa 3,979 zija ndi kadontho. Tonse tinali kuyang'ana phokoso, osayang'ana kuti amene avotawo ndi ndani ndipo atsala ndi ndani.

Nevada pa 22 February a Sanders anawina motakasuka, makamaka ndi mavoti a achinyamata ndi anthu a Chilatino (amene mizu yawo ili ku Latin America), a Biden n'kubwera achiwiri koma patali. Pofika apa a Sanders ndiye anali ndi mphepo yonse, ndi ndalama zomwe: mwezi wa February wokha anatolera madola 46.5 miliyoni, a Biden cha mu 18 miliyoni. Kumbaliku kunali a Michael Bloomberg, mpondamatiki amene anali meya wa New York, amene anadumpha masteti anayi oyambirira n'kuthira ndalama zoposa madola 500 miliyoni za m'thumba mwawo poyembekezera Super Tuesday, tsiku limene masteti ambiri amavota pamodzi, poganiza kuti a Biden akagwa iwo ndiye atola anthu onse osafuna a Sanders.

Kuchipinda

Kwathu timati dera lakuti ndi kuchipinda kwa chipani chakuti. South Carolina kunali kuchipinda kwa a Biden, ngakhale iwo kwawo ndi ku Delaware ndipo anabadwira ku Scranton, Pennsylvania. Apa ndiye pamene ndimafuna anzanga azikhalapo nthawi, chifukwa chipinda chimenechi sichinamangidwe mu 2020.

Mu pulaimale ya Democratic ku South Carolina ovota oposa theka amakhala anthu akuda, ambiri mwa iwo achikulire, amayi a kutchalitchi, anthu oti kuvota anachita kukumenyera nkhondo ndipo tsiku lovota saphonya. Anthu amenewa amawadziwa a Biden ngati munthu amene anakhala wachiwiri kwa a Barack Obama zaka 8, kuyambira 2009 mpaka 2017, mzungu wamkulu msinkhu amene anavomera kukhala pansi pa mnyamata wakuda osamuchitira mwano kapena kumukumbira dzenje. Chimenecho kwa iwo chinali umboni woposa manifesito. Komanso a Biden akhala akupita kutchuthi ku Kiawah Island, ku South Carolina komweko, kwa zaka zambiri, analankhula pa maliro a senator Strom Thurmond mu 2003 ndi a senator Fritz Hollings mu 2019, onse awiri a steti imeneyi, ndipo mu June 2015 chigawenga chitapha anthu 9 mu tchalitchi cha Emanuel AME ku Charleston, anapita kukapemphera nawo, iwonso atangoika kumene mwana wawo Beau amene anamwalira kumapeto kwa May chaka chomwecho. Za kufika pa maliro sindikufunika kuzifotokoza kwa munthu wa kwathu. Amene anakhala nawe pa siwa sumuiwala.

Koma chipinda chimenechi chinayamba kung'aluka, tisanamizane. Atagwa ku Iowa ndi New Hampshire, kafukufuku anaonetsa kuti mpata wawo ku South Carolina wachepa kwambiri, a Sanders akuyandikira, ndipo mpondamatiki wina a Tom Steyer anali atathira ndalama zambiri kumeneko akunyengerera ovota akuda omwewo. Anthuwo sikuti anasiya kuwakonda a Biden, ayi, koma cholinga chawo chachikulu chinali kuchotsa a Donald Trump, ndiye amadzifunsa kuti kodi munthu woluza chonchi angalimbe pa chisankho chachikulu cha mu November? Amafuna wina wowatsimikizira.

Wowatsimikizirayo anali a James Clyburn, phungu wa ku Congress wa South Carolina kuyambira 1993, amene nthawi imeneyo anali nambala 3 pa utsogoleri wa ma Democrat mu House of Representatives. Iwo amafotokoza okha kuti ali pa maliro ku tchalitchi china, gogo wina wamkazi anawakodola n'kuwanong'oneza kuti anene amene akufuna kumuvotera, ndipo atayankha kuti Joe Biden, gogoyo anawauza kuti anthu akufunika kumva zimenezo kuchokera pakamwa pawo. Pa dibeti ya ku Charleston ya pa 25 February a Clyburn anawakakamiza a Biden kuti alonjeze poyera kuti adzaika mayi wakuda mu Supreme Court, ndipo analonjezadi, lonjezo lomwe linadzakwaniritsidwa mu 2022 ndi mayi Ketanji Brown Jackson. M'mawa mwake, pa 26 February, a Clyburn anaima ku North Charleston n'kunena mawu aja: ndimamudziwa Joe, timamudziwa Joe, koma chachikulu n'choti Joe amatidziwa.

Pa 29 February a Biden anapeza 48.6 peresenti, a Sanders 19.8, a Steyer 11.3, a Buttigieg 8.2, mayi Warren 7.1, mayi Klobuchar cha mu 3. Ma county (tingoti maboma a mu steti) onse 46 anapita kwa a Biden. Mwa ovota akuda anatenga pafupifupi 61 peresenti, ndipo pa ofunsidwa potuluka movotera, pafupifupi theka anati mawu a a Clyburn anali chinthu chofunika pa ganizo lawo. Nthumwi 39 pa 54. Ndipo aka kanali koyamba m'moyo mwawo kuwina pulaimale ya upulezidenti, atayesapo kale kawiri, pa chisankho cha 1988 ndi cha 2008.

Chomwe ndimatsindika ndi kukula kwa mpata. Akanawina ndi mapointi 5 nkhani ikanakhala yoti a Biden apulumuka movutikira, a Sanders akadali patsogolo. Koma mpata wa mapointi pafupifupi 29 unasintha funso lonse.

Masiku anayi aja

A Steyer anasiya usiku womwewo. A Buttigieg anasiya pa 1 March, mayi Klobuchar pa 2 March, ndipo madzulo a pa 2 March onse awiri anali ku Dallas, Texas, kuuza anthu awo kuti avotere a Biden, a Beto O'Rourke a ku Texas komweko, amene anali atasiya kale mpikisanowu, nawonso n'kulowa mgulu. A Harry Reid, nkhalakale ya ndale ya ku Nevada, nawo anapereka dalitso lawo tsiku lomwelo.

Otsatira a Sanders ambiri mpaka lero amati akuluakulu a chipani anachita chiwembu. Ine ndimati anagwirizanadi, zimenezo n'zosabisa, koma anagwirizana chifukwa manambala anawaonetsa khomo. A Buttigieg ndi mayi Klobuchar anaona kuti pakati pa ovota akuda alibe chilichonse, ndipo kutsogoloku kunali Alabama, Virginia, North Carolina, Tennessee, Arkansas, Texas. Akanakakamira, m'malo ambiri sakanafika 15 peresenti ija, mavoti awo akanangopita m'madzi, a Sanders n'kumatola nthumwi ndi 30 peresenti yawo yosasunthika. Anali akukumbukiranso zomwe zinachitikira ma Republican mu 2016, pamene a Ted Cruz, a Marco Rubio, a John Kasich ndi a Jeb Bush aliyense amadikira kuti mnzake ndiye asiye, a Trump n'kudutsa pakati pawo. Vuto lisanafike pa 29 February linali loti palibe amadziwa kuti asonkhane pambuyo pa ndani. South Carolina inawayankha.

Kanthu kena kakang'ono koma kokamba zambiri: pa 1 March kunali mwambo wokumbukira anthu amene anamenyedwa pa mlatho wa ku Selma, Alabama, mu 1965 pomenyera ufulu wovota. A Biden analankhula mu tchalitchi cha Brown Chapel. A Bloomberg akulankhula, ena mwa opemphera anaimirira n'kuwafulatira. A Sanders kunalibe, anali pa kampeni ku California.

Super Tuesday, 3 March, masteti 14 ndi American Samoa, nthumwi 1,344, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zonse. A Biden anatenga masteti 10: Alabama, Arkansas, North Carolina, Tennessee, Virginia, Oklahoma, Texas, Minnesota, Massachusetts ndi Maine. A Sanders anatenga California, Colorado, Utah ndi kwawo ku Vermont. A Bloomberg, ndi ndalama zonse zija, anawina American Samoa basi, ndipo m'mawa mwake anasiya n'kupita kwa a Biden. Mayi Warren anathera pa nambala 3 kwawo komwe ku Massachusetts, pa 5 March nawo anasiya.

Zomwe ndinapeza nditakhala pansi ndi manambala

Mapu a usiku umenewo ukawayang'ana bwino muli zinthu zitatu zosiyana, ndipo cholakwika chomwe ambiri timachita ndi kuzisakaniza zonse n'kungoti mphepo.

Masteti a kummwera sinali mphepo kwenikweni. Ku Alabama a Biden anapeza 63 peresenti, ku Virginia 53. Anthu ake ndi omwe aja a ku South Carolina, matchalitchi ake ofanana, mbiri yake yofanana, chabe kuti malire a steti ndi osiyana. Ndi chipinda chomwe chija, chachikulu kuposa mmene timachionera. Mphepo inangowonjezera azungu a m'matauni ozungulira mizinda, monga a kumpoto kwa Virginia, amene mwina akanavotera a Buttigieg kapena a Bloomberg.

Mphepo yeniyeni inaoneka ku Minnesota, Massachusetts ndi Maine. Kumeneku a Biden sanapangeko kampeni yooneka, analibe ndalama zotsatsira, analibe gulu la pansi, koma anawina. Minnesota ndi Maine a Sanders anawina mu 2016, ngakhale nthawi imeneyo kunali ma caucus, misonkhano imene anthu a chipani amakumana pa ola limodzi n'kusankhirana pomwepo, amene amakomera munthu wokhala ndi otsatira otentha magazi, pomwe mu 2020 anasintha kukhala mapulaimale wamba. Ku Minnesota mawu a mayi Klobuchar, amene ndi kwawo, anagwira ntchito. Ofunsidwa potuluka movotera anaonetsa chinthu chimodzi m'masteti ambiri: amene anapanga ganizo m'masiku omaliza anakhamukira kwa a Biden. Maola 72 a nkhani zaulere pa TV anachita zomwe madola mamiliyoni mazana a a Bloomberg analephera.

Ndiye kumadzulo, komwe mphepo inapeza chitseko chotseka. California, Colorado ndi Utah anthu ambiri amavota kudzera pa positi, masiku kapena milungu tsiku lenilenilo lisanafike. Mavoti ambiri anali atalowa kale South Carolina isanavote, ena anali atavotera kale a Buttigieg ndi mayi Klobuchar amene pofika pa 3 March sanalinso mu mpikisano. Sindikunena kuti popanda zimenezi a Biden akanawina kumeneko, a Sanders nawo anali ndi chipinda chawo chenicheni kumadzuloko, Colorado ndi Utah anawinanso mu 2016, ndipo ovota a Chilatino a ku California anali nawo. Koma mphepo siingasunthe voti yomwe ili kale m'bokosi. Texas ili pakati: ovota msanga anapendekera kwa a Sanders, a tsiku lenilenilo anabweza, a Biden n'kuwina ndi mapointi osafika 5.

Tsopano masamu a nthumwi, amene ine ndimawakonda kuposa zonse. California inali ndi nthumwi 415, a Sanders anatenga 225, a Biden 172, kusiyana 53. Alabama inali ndi 52 zokha, koma a Biden anatenga 44, a Sanders 8, kusiyana 36. Virginia pa 99, a Biden 67, a Sanders 31, kusiyananso 36. Ndiye kuti Alabama ndi Virginia okha anafafaniza phindu lonse la California n'kutsalanso chenji. Pamene nthumwi zikugawidwa molingana ndi mavoti, kuwina steti yaikulu pang'ono n'kochepa mphamvu kuyerekeza ndi kusesa steti yapakatikati. Komanso California imawerenga mavoti pang'onopang'ono, milungu, pomwe Virginia anailengeza atangotseka malo ovotera, ndiye usiku wonse anthu amangoona dzina la a Biden likubwera motsatizana pa TV.

Anzanga ena akamva nkhaniyi amathamangira kunena kuti basi, njira ndi kunyalanyaza oyambirira n'kukadikira kwanu. Ndimawakumbutsa za a Rudy Giuliani mu 2008, amene anachita zomwezo ku chipani cha Republican, kudikira Florida. Pofika pa 29 January, tsiku limene Florida inavota, anthu anali atawaiwala, anathera pa nambala 3, m'mawa mwake n'kusiya. Kusiyana kwake n'koti a Giuliani ku Florida anali ndi kutchuka, a Biden ku South Carolina anali ndi ubale, ndipo ubale umapirira mwezi wa nkhani zoipa pomwe kutchuka kumauluka. Chinanso, a Biden sanasowe pa maso pa anthu, anapikisana nawo konse, ndipo nambala 2 ya ku Nevada, ngakhale inali ya patali, inawapatsa kampweya kofikira pa mzere. Ndiye kalendala nayo: South Carolina inavota masiku atatu okha Super Tuesday isanafike, nthawi yokwanira kuti nkhani ifalikire koma yosakwanira kuti a Sanders akonze yankho. Zimenezi a Biden sanazikonze, anazipeza. Ndipo kampeni yawo sikuti inali yaluso, a Clyburn omwewo ananena poyera tsiku la voti kuti ikufunika kukonzedwanso.

A Sanders mbali yawo anadalira kuti achinyamata atuluka mwaunyinji wosaonekapo kale. Anthu anatulukadi ambiri m'malo ngati Virginia, koma owonjezerekawo ambiri sanali awo. Mpikisano uli ndi anthu 6 kapena 7, 30 peresenti ndi ufumu. Utatsala wa anthu awiri, 30 peresenti yomweyo ndi kuluza. Ndipo kummwera anali ataluzako kale moipa kwa mayi Hillary Clinton mu 2016, anali ndi zaka zinayi zokonza ubale ndi ovota akuda achikulire, anasunthako pang'ono koma osakwanira.

Zotsatira zake zinayenda mwachangu. Mayi Kamala Harris anabwera kwa a Biden pa 8 March, a Cory Booker pa 9, onse awiri anthu akuda amene anali atasiya kale mpikisanowu. Pa 10 March a Biden anatenga Mississippi ndi 81 peresenti, Missouri, Idaho, Washington, ndi Michigan, komwe a Sanders anadabwitsa anthu powina mu 2016 koma ulendo uno sanawine county ngakhale imodzi mwa 83. Pa 17 March Florida, Illinois ndi Arizona zinatsatira, Covid itatseka kale misonkhano, Ohio itaimitsa voti yake. A Sanders anasiya pa 8 April, pa 13 April n'kulengeza kuti ali pambuyo pa a Biden.

South Carolina yomweyi mu November inavotera a Trump, ndipo siinavoterepo wa Democrat pa upulezidenti chichokereni a Jimmy Carter mu 1976, ndiye pali ena mu chipanimo amene amadandaula kuti steti yoti sadzaiwina iwasankhira bwanji mtsogoleri. A Biden sanamvere zimenezo. Kumapeto kwa 2022 anapempha chipani kuti chisinthe kalendala, Iowa ichoke pa malo oyamba, ndipo pulaimale yoyamba yovomerezeka ya ma Democrat mu 2024 inachitikira ku South Carolina pa 3 February.